Mpando wa Kumbuyo

Tinagulitsa thonje la zaka ziwiri
ndi ng'ombe ija yothyoka nyanga pa msika wa Ngabu.
Ndalama ndinazimanga ine, mfundo ziwiri pachitenje.
Jofesi ananyamula chilakolako chokha.

Pa Nchalo, pakhonde la Alufandika,
zinaima zitatu, zopukutidwa ngati akwati.
Amuna anga anathamangira yofiira,
kuisisita thanki ngati tsaya la khanda.
"Imeneyo siyenda, imauluka," anatero mwini wake.
"Muthire tiyi pano, mukamwera ku Bangula asanapole."

Ine maso anali kumbuyo.
Kumbuyo n'kwathu.

Wakutsogolo ali ndi chiwongolero,
ali ndi mphepo, ali ndi msewu wonse m'maso mwake.
Wakumbuyo ali ndi msana wa mwamuna,
mchere wa thukuta pamalaya,
ndi dzenje lililonse limene mnzake waliona mochedwa.

Ndinakwera yofiirayo itaima.
Mpando ngati chikhatho cha mwana,
wopendekera kutsogolo ngati ukundikankha.
Popondera pali m'mwamba, maondo kufuna kupsompsona chibwano.
Paipi ya utsi ili pamtunda, yosavala kanthu,
ndipo ine chipsera ndili nacho kale pamwendo,
mphatso ya mnyamata wa kabaza wa pa Sorgin.

Ndiye ndinafunsa zanga, Alufandika akukanda m'mutu.
Ikadwala ku Tengani, mankhwala ake apezeka?
Tcheni chikaduka dzuwa lili paliwombo,
alipo pansi pa mlambe wodziwa kuchilumikiza?
Imamwa malita angati kukafika ku Marka,
kumene mayi anga amazindikira anthu ndi mawu okha tsopano?
Nanga Thabwa,
idzakwera tili awiri, thumba la mapira lili pakeliyala,
osatsokomola pa kona yachitatu
pamene mwana wathu akudikira ku Chilomoni?

Moyo wathu unatambalala ngati chigwachi.
Wina kumunsi, wina kumtunda,
ife pakati ndi matako awiriawiri.

Yakuda inali kumapeto, yosanyada,
yayenda kale pang'ono, utoto wasuluka pathanki.
Mpando wake wotakasuka ngati mphasa ya alendo,
chitsulo chogwira kumbuyo, masipuling'i onenepa.
Tinaitana Mwanyama wokonza njinga.
Anagwada m'fumbi, sikuludalaiva pakhutu,
kumvetsera injini monga namwino amvetsera mimba.
Anakhala chete nthawi yaitali.
"Iyi siithamanga," anatero,
"koma siinama."

Tinaziyesa zonse ziwiri pa kamsewu ka m'minda ya nzimbe,
Okutobala akuwotcha mpaka mbuzi kusiya kudya.
Jofesi ankamvera liwiro. Ine ndinkawerenga maenje.
Khumi ndi anayi popita.
Pa yofiira onse anandipeza,
anakwera msana mmodzimmodzi mpaka m'mano.
Pa yakuda anafika atatu okha,
nawonso anachita kuodira.

"Koma Esinala, anthu adzati ndagula nkhalamba."
Ndinati nanga ine mwakhala nane zaka zingati,
ndinakusiyanipo panjira?
Mwanyama anaseka mpaka kugwetsa sipanala.

Ndinamasula mfundo yoyamba, kenako yachiwiri.
Tinatsitsako pang'ono chifukwa cha tayala lakumbuyo,
zotsalazo tinagula zipewa ziwiri,
changa chikundikhwepa, koma ndi changa.
Potuluka, Jofesi anacheukira yofiira kamodzi,
monga mwamuna acheukira mtsikana amene sanamukwatire.
Sindinanene kanthu. Kucheuka n'kwaulere.

Madzulo, msewu wa ku Ngabu.
Thirakitala ya nzimbe inatipitirira, sitinaithamangitse.
Utsi wa minda yowotchedwa unagona pa chigwa,
malambe akudutsa mmodzi, patapita nthawi wina.
Injini inkang'ung'udza pansi pathu mawu amodzimodzi,
osakweza, osadandaula.
Sindikudziwa pamene ndinasiya chitsulo chija
n'kukoleka manja m'chiuno mwake.

Ndinangomva, kutali, kupyola chipewa ndi mphepo:
"Esinala! Iwe!
Usagone, sitinafike."