Katsamba ka pa Botolo

Anabwera pa kabaza, mtsikana wa kope m'khwapa,
si wa boma, si wa kampani.
Nkhuku yanga anaikana.
Anakwera Namizimu akuwerenga zitsa,
nagwada pansi pa ming'oma yanga
kusaka phulusa, kusaka mtengo wosendedwa khungwa.
Sanapeze.

Miyezi isanu, mbuzi imodzi inapita,
ndiye kanafika katsamba kobiriwira,
kochepa ngati chikhadabo,
komata pa botolo la uchi.

Lero pamsika wa Namwera
Che Twaibu, wofula ndi moto,
wamata lake la pa fotokope,
lobiriwira kuposa langa.

Mayi wina wanyamula mabotolo onse awiri,
akuwaunika padzuwa.
Ndameza mawu.
Kunsi kwa katsamba kanga kuli nambala.
Mayiyo akufunafuna magalasi m'chikwama.