Zitseko za Kuseri

Ndine Telmo, woyendetsa kalole ka fulawa.
Mzinda wa Lisbon ndimaudziwira ku zitseko za kuseri,
tiramu yoyamba isanakhosomole
pa chitunda cha Graça.

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikutula matumba
kwa bambo Abílio.
Uvuni wawo unayaka ine ndisanabadwe.
Buledi wawo ngwa khungu lolimba,
ukamunyema amalira ngati wapondedwa tsamba louma,
m'kati muli timphako tofunda,
ndipo sapempha kanthu,
mwina kadontho ka mafuta a olivi basi.
Kale ndinkawatsitsira matumba asanu ndi atatu.
Pano atatu.

Kutsidya kwa msewu, pomwe padali wosoka nsapato,
chitseko achipaka pinki.
Dzina n'la Chingerezi, magetsi ake sagona.
Mwini wake ndi Leonor, mwana wa konkuno,
anakakhala ku Newark zaka zisanu ndi chimodzi
n'kubwerako ndi kabuku kothimbirira batala.
M'kabukumo mumatuluka madonasi ovala chokoleti,
mabisiketi aakulu ngati chikhatho changa,
mabanzi opiringizika ngati nkhono,
sinamoni ali noninoni,
ndi keke yosanjikizana kanayi
yoti ukaiyang'ana dzino limayamba kuwawa lokha.

Mzere umakhota mpaka pa sitolo ya mankhwala.
Ana a sukulu, alendo okoka masutikesi,
ngakhale wansembe wathu ndinamuonapo, chipewa atatsitsa.
Asanalume amayamba ajambula.
Foni idye kaye, mwini adya pambuyo.

Chaka chatha malo otere anali amodzi.
Lero pa pepala langa alipo asanu ndi anayi:
ku Arroios, ku Alcântara,
ena awiri oyang'anizana ngati atambala.
Onse afuna fulawa wofewa, woyera mbee,
ndipo amalipira tsiku lomwelo.
Ine ndili ndi lendi. Sindinama, ndimakondwa.

Lachiwiri lina bambo Abílio anandikoka malaya.
"Tenga mayuro anayi awa.
Ukagule chimodzi cha zinthu zawozo.
Usanene kuti ndakutuma ndine."
Ndinadikira mpaka atsegule,
n'kuima pa mzere, fulawa ali m'nsidze.

Anadyera kuseri kwa uvuni, chiimire,
ngati mwana amene watapa shuga.
Anatafuna nthawi yaitali.
"Ichi si chakudya," anatero. "Ili ndi phwando.
Munthu angachite phwando tsiku ndi tsiku?"
Kenaka ananyowetsa chala
n'kutola nyenyeswa za papepala, imodziimodzi.
"Koma wokandayo," anatero chapansipansi,
"manja ake si achilendo pa ntchito."

Ndinangoti zii.
Ndikanawauza bwanji
kuti buledi amene ndimagula kwa iwo m'mawa uliwonse,
amene amandikulungira akuseka
kuti ndili ndi mimba ya bulu,
si wanga?
Ndimawoloka naye njanji nditamubisa m'jekete.
Leonor amamulandirira pakhomo la kuseri,
amamunyema asanavule n'komwe chikhoti,
amadya atatsinzina,
atatsamira firiji yodzaza kirimu.
Akuti ku Newark ankamulota.
Akuti msuzi wa nsomba sapukutira keke.
Nayenso anandilumbiritsa.

Ndiye ndine pano,
bulu wa anthu awiri,
kusenza chinsinsi uku, chinsinsi uko,
mapewa onse mbuu.

Usiku wathawu kwagwa mvula,
miyala ya mumsewu ikuterera.
Fungo la sinamoni latsika chitunda chonse
mpaka lalowa m'tchalitchi.
Fungo la bambo Abílio silipita patali,
limathera pa zenera la mayi Ermelinda,
amene amatsitsa dengu ndi chingwe
chifukwa mawondo anakana masitepe.

Ndayatsa getsi la m'lole
kuti ndione oda ya mawa.
Chitseko cha pinki: khumi ndi awiri.
M'munsi mwake, ndi pensulo, zilembo zonjenjemera,
Abílio: awiri.