Ndowa Zisanu ndi Zinayi

Buku la impso ndalitsegulira pansi pa msawu,
kuno ku Bangula, mwezi wa Okotobala,
nthawi imene ngakhale mbuzi zasiya makani
n'kukabisala kunsi kwa ngolo.
Thukuta langa ladonthera pa tsamba 412,
pa kampope kopindika ngati mbedza
kamene kamakokera mchere uku, madzi uko.
Mayeso atsala masabata atatu.

Mayi Kalilangwe, otiphunzitsa ku yunivesite,
amati: musaloweze,
afunseni madziwo kumene akupita.
Ndiye ndikuwafunsa.
Akuti pa tsiku impso zimasefa malita 180,
ndowa zisanu ndi zinayi za kumjigo,
zija Nsayi mng'ono wanga amasenza
mpaka khosi kulowa m'mapewa.
Koma thupi limalanda zonse n'kubweza m'magazi,
kutayako botolo limodzi ndi theka basi.
Kuumira kotere
ndinkakuona pa sikelo ya ogula thonje pokha.

Pakhonde pali bambo.
Zaka makumi awiri ndi ziwiri
akudula nzimbe ku Nchalo,
kulowa m'munda wootchedwa kusanache,
kutuluka ali bii, mano okha mbee,
botolo la madzi litauma dzuwa lisanafike pamutu.
Ludzu ankalimeza ngati malovu.
Lero mapazi awo sakulowa m'patapata.
Ndadina chala pa msongolo
ndipo kadzenje katsala, kakundiyang'ana.
Ndikudziwa dzina lake m'chizungu,
ndikudziwa sodiyamu, potaziyamu,
ndi mahomoni atatu amene akunamizana m'kati mwawo.
Nditha kujambula zonse pa bolodi, choko osathyoka.
Kadzenje sikakudzaza.

Tsiku lina m'kalasi anafunsa:
mtima wakumanzere ukatopa,
n'chifukwa chiyani mapapo ndiwo amamira?
Ana a ku Namiwawa anayang'ana kudenga.
Ine ndinaona Chiromo.
Ruo akatsika ku Mulanje atakwiya,
Shire amapeza njira yatsekeka,
amaima, n'kubwerera chambuyo,
kulowa m'mapira, m'makola, m'kalasi ya sitandade 4,
mpaka Mtayamoyo kusowa.
Madzi sakhala ndi mlandu,
kutsogolo ndiko kwakana kulandira.
Ndinakhoza funsolo.
Sindinawauze kuti yankho ndinaliphunzira pa denga la tchalitchi,
usiku uwiri, nditakumbatira nkhuku.

Dambo lathu nalo ndi impso, ndikuganiza.
Madzi amalowa ofiira, onyamula dothi la eni kumtunda,
amazungulira m'mabango, m'gumbwa, mwa namasupuni,
n'kutuluka atapepuka.
Koma izi sindingalembe pa pepala la mayeso.
Kumeneko amafuna manambala.

"Iwe Fulaviya," akutero bambo,
"buku lakolo likuti chiyani za ine?"
Ndatembenuza tsamba ngati sindinamve.
Likuti tisefa miliyoni mbali iyi, miliyoni mbali iyo,
ndipo timafa mwakachetechete,
kamodzikamodzi, popanda maliro,
otsala n'kumagwira ntchito ya anzawo
monga gulu lawo lija, ena akachotsedwa.
Likutinso makina otsukira magazi ali kutali,
kuseri kwa zikweza za Thabwa,
ndipo mzere wake ndi wautali kuposa Shire.
Ayi, izi buku silikunena. Ndikudziwa ndekha.

"Likuti muchepetse mchere," ndayankha.
Aseka mpaka kutsokomola.
"Ukauze mjigo. Mcherewo umachokera pansi."

Usiku kutentha sikunachoke.
Tayala mphasa pabwalo, udzudzu ukuimba zake.
Foni yatsala ndi moto pang'ono, buku ndatseka.
Ndagwira dzanja lawo, zala ziwiri pa mtsempha,
chikhatho chokhakhala ngati khungwa la mtsanya.
Makumi asanu ndi atatu, kudza zinayi.
Ndayambanso kuwerenga,
osati poti ndalakwitsa.
Akuyesa ndikuwasisita kuti agone
ndipo agonadi.
Mawa m'mawa ndidzayeza mkodzo wawo m'botolo la mafuta ophikira,
ndidzalemba nambala kuseri kwa kope,
pafupi ndi mafunso a chaka chatha.