Osoka Zigamba

Lachitatu m'mawa, ku Gulupu.
Diripi ikudontha ngati mpopi wa ku Ndirande
madzi akatsala pang'ono kuthawa.
Mankhwala ofiira akulowa m'dzanja langa lamanja,
dzanja losokera.

Ndafunsa Dokotala Chitekwe:
chotupa chija chinafota m'nyengo yachisanu,
nanga chadzukanso bwanji?

Atembenuza pepala, ajambula timadontho.
Awa, akutero, ndi maselo a khansa.
Awa apambaliwa si adani, ndi anu omwe,
maselo obala anzawo,
othamangira paliponse pamene thupi lang'ambika.
Mankhwala akakantha, iwo safa msanga.
Amamva kubuula kwa ovulala,
natulutsa timadzi toziziritsa bala,
nafunditsa opulumuka
osafunsa kuti uyu ndi mwana wa yani.
Ndipo ena a khansa amagona tulo tabodza
mpaka mkuntho udutse.

Ndaseka mpaka namwino wacheuka.

Zaka makumi atatu pakhonde la sitolo ku Limbe
ndakhala ndikupalasa makina.
Ndasoka thumba la wapolisi,
ndasokanso la wopisa m'matumba a anzake.
Chaka china kunabwera mnyamata ndi jekete
long'ambika paphewa, ngati lakodwa pa waya.
Ndinaika chigamba, ulusi wofanana,
msoko osaoneka ngakhale padzuwa.
Ananditcha katswiri, nandionjezera makobidi.
Sabata isanathe ndinamva kuti wayayo
anali wa mpanda wa mlongo wanga ku Chilomoni,
ndipo mbuzi zake ziwiri zinapita usiku womwewo.

Ndiye ndiwakwiyire bwanji, adokotala?
Singano sidziwa mwini nsalu.

Iwo akuti kuli anthu osagona tulo,
maso pa galasi lokuza tinthu,
kufuna njira yowanong'oneza osokawo
kuti ichi chokha musasoke.
Sanaipeze yonse. Sakundinamiza.

Botolo latsala theka.
M'kamwa mukumveka dzimbiri.
Pabedi loyandikana, Che Sumaili akusenda nthochi
imene sadya.

Ndaika chikhato pamimba, pamene pali chotupacho,
ndipo ndikuyankhula chamumtima
monga ndimachitira ndi ophunzira ntchito:

anzanga, ndikudziwa manja amayabwa
mukaona pong'ambika.
Koma lero lokha chotsani phazi pa chopalasira.
Amene wabwera ndi jeketeyo
muyang'aneni kaye kumaso.