Mphira Wakale

Anandigoneka chagada pa bedi lozizira
m'chipatala cha pa boma,
nsapato zanga pansi, zitayera fumbi la pa Kamwendo.
Namwino Nachisale anatulutsa tepi
yonga ya telala wa pakhonde la sitolo,
nayeza kuchoka pakhosi mpaka pantchafu.
Ndinati, kodi mukundisokera suti
kapena mukuyezeratu bokosi?
Sanaseke. Analemba nambala padzanja lake.

Lamba wa mpweya anandimanga kumwendo,
kachitsulo konga cholembera anakagunditsa apa,
pomwe mtsempha umadumpha ndikapsa mtima.
Musayankhule, musameze malovu.
Mtima ukagunda umaponya funde, anatero,
ife tikuwerenga nthawi imene limatenga
kuchoka kukhosi kukafika kuntchafu.

Ine zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinapalasa kabaza.
Kamwendo mpaka boma, boma mpaka chipata cha Mwami,
matumba a mtedza, mbuzi yomanga miyendo,
mayi wodwala pakati usiku wa mvula.
Liwiro ndilo linali ndalama.
Ndiye atati, lanu lathamanga,
mamita khumi ndi awiri pa sekondi imodzi,
ndinatsala pang'ono kudziwombera m'manja.

Anapukusa mutu.
Kuno wofulumira sapambana, a Chikuse.
Mtsempha wofewa umalandira funde,
umatukuka, umalinyengerera, umalipereka ndi manja awiri.
Wouma umangolikankha.
Limakamenya kumapeto n'kubwerera
kudzagogoda pa mtima
mwini wake asanapume.

Apo ndinamva, osati chifukwa cha sukulu.
Mawondo atakana ndinakhala pansi pa mtangatanga
n'kumamata machubu.
Chatsopano ndimachidziwa,
chimafufuma ngati tsaya la khanda,
chimakhululukira mwala, chimakhululukira dzenje.
Ndimachidziwanso chija chagona padzuwa zaka,
kunja chooneka bwinobwino,
ukachipinda chimalemba ming'alu,
ukachipopa sichidandaula,
chimangophulika tsiku la msika
katundu ali pakaliyala.
Kangati ndauza eni ake, ichi chatha, musachikhulupirire?
Kangati andiyankha, koma sichinandivutepo?

Nanenso sindinavutikepo.
Mutu wokha m'mamawa, kunkhongo kuno.
Mkulu wanga Yotamu nayenso sanavutikepo
kufikira Lachiwiri lija anagwetsa khasu m'munda wa soya,
pakamwa patakhota, dzanja lili lende.
Pamaliro anthu ankalozerana ndi milomo
nyumba ya mlamu wake.
Palibe anamuyezapo ndi tepi.

Ndinafunsa, chigamba chilipo?
Apo ndiye anaseka, koyamba.
Chigamba palibe, amisiri,
koma mpweya tingathe kuchepetsa.
Mchere wowaza pambale, usiyeni.
Chingambwe chili kukhutucho, tayani.
Zonona za pachiwaya muzizilonjera chapatali.
Piritsi limodzi m'mawa uliwonse,
ngakhale tsiku limene mwadzuka bwino,
makamaka tsiku limenelo.
Ikatha miyezi isanu ndi umodzi mudzagonenso apa.

Pobwerera ndinakwera kabaza wa mnyamata wina
amene sanandidziwe.
Pa mtsetse wa ku Bua anawerama, nasiya buleki,
kufuna kundionetsa kuti ndi dolo.
Ndinamugwira phewa.
Pang'onopang'ono mphwanga,
mwanyamula mphira wakale.

Madzulo ano ndakhala pa benchi langa.
Beseni la madzi lili apo,
lija ndimamizamo chubu kuti thovu liulule pobooka.
Thupi silimizidwa m'beseni.
Zala ziwiri ndaika pakhosi,
ndikumva mlendo akudutsa mothamanga,
osapereka moni.

Chingambwe sindinataye, ndisaname.
Ndachitsekera m'chitini cha mavavu,
pansi pa masipoko othyoka,
ndipo chitinicho ndapatsa mdzukulu wanga Tadala
kuti akachibise kumene ine sindingawerame.