Woyera Sitigulitsa

Sitolo ya Evaristo ili pakati pa masitepe
okwera phiri lina la ku Valparaíso,
pamene munthu mpweya umamuthera.
Ndinalowamo kuti ndipume chabe.

Mkati mumanunkha mapensulo osongola kumene.
Maburashi aimirira m'chitini cha khofi, ubweya kuloza kudenga.
Mkuluyo anaviika imodzi m'madzi, naikung'untha kamodzi,
nsonga n'kubwerera yokha, yakuthwa ngati munga.
"Ubweya wa gologolo uwu," anatero,
"umamwa ngati chidakwa,
koma sutaya dontho usanauuze."

Ndinakhuthula mapeso anga pa kauntala.
Anawerenga ndi chala chothimbirira,
nakankhira kwa ine timabokosi titatu,
tating'ono, tokutidwa ngati maswiti:
wachikasu, wofiira,
ndi wabuluu wa nyanja yozizira ija ili kumunsi kwa doko.

"Nanga woyera?" ndinafunsa.
"Nyumba ya mayi anga inali yoyera
moto usanatsike phiri."

Sanayankhe msanga.
Anasolola pepala la thonje, lokhuthala,
lokhakhala ngati lilime la mphaka,
nandigwiritsa m'manja onse awiri.
"Woyera sitigulitsa, Ximena.
Woyera ndi pepalali.
Pamene ukufuna kuwala, usapakhudze.
Uzungulire."

Loweruka ndinakwera mpaka pamwamba
ndi botolo la jamu lodzaza madzi,
kansanza, pensulo ndi labala wosagwirapo ntchito.
Pamalo pathu pamera udzu,
ndipo wina wamangirirapo chingwe choyanikira zovala.

Ndinayamba ndi thambo.
Madzi sanandimvere.
Anathamangira kumunsi, kukadikha pakona,
n'kuuma ndi mkombero ngati wa tiyi wotayikira pansalu.
Ndinatukwana. Ndinapitiriza.
Wachikasu atakumana ndi wabuluu
mkuyu wa a Leontina unaphukanso.
Wofiira wosungunuka kwambiri unandipatsa malata adzimbiri,
mawaya a magetsi ndinawakoka ndi pensulo, okhotakhota,
galu wogona pamsewu anatuluka ngati thumba la mbatata,
ndinamusiya choncho.

Burashi inkayenda chonyang'ama
m'mphepete mwa khoma lomwe kulibe,
kutsika, kukhota pamene panali khonde,
dzanja likukumbuka zimene maso sakuona.

Mphepo ya kunyanja inaumitsa zonse ndisanakonzeke.
Madzi a m'botolo anasanduka matope.
Ndipo pakati pa pepala, pamene sindinakhudze,
nyumba inaima,
yowala ngati tsiku limene mayi anaipaka laimu
atavala malaya akale a bambo.

Kamnyamata konyamula buledi kanasuzumira paphewa panga.
"Apa mwaiwala kupenta."
"Sindinaiwale."
Kanapendeketsa mutu, kakutafuna.
"Ndiye alowera pati? Palibe chitseko."

Ndinanyambita nsonga ya pensulo
monga ankachitira mayi polemba ngongole za kugolosale,
ndipo mopepuka, kuti pepala lisamve kuwawa,
ndinajambula chitseko,
n'kuchisiya chotsekula pang'ono.