Kaundula wa Linunda

Bukuli ndinaligula kwa Kapiri tsiku la msika,
lachikuto cholimba, la mizere yofiira m'mbali,
lija amalembamo angongole m'magolosale.
Ine ndimalembamo ng'ombe.

Tsamba loyamba: Nyangaimodzi, msoti wofiirira,
mwana wa Sapumira,
Sapumira wobadwa kwa Mdima,
nkhunzi ija inagumula mpanda wa kudibi
chaka cha ntchemberezandonda.
Madeti eni ake sawadziwa.
Amawerengera maliro, amawerengera mvula,
ine n'kumasandutsa zimenezo manambala.

Tilipo khumi ndi mmodzi m'kalabu yathu.
Timakumana Lachinayi m'chigafa chosiyidwa,
fungo la fodya wakale likadali m'mitengo.
Lamulo lathu n'lalifupi:
ya linunda ikwere ya linunda.

Amatiseka podutsa.
Ati ng'ombe yanji, mkaka wake wosakwana tiyi wa alendo?
Abisalomu anatenga yachizungu, yamawanga akuda ndi oyera,
yogona pansi pa malata, yodya madeya m'beseni.
Sindiida ayi.
Mkaka wake ndagulako, ndipo ndi wokoma.
Koma chigodola chitalowa m'mudzi
inagwada sabata isanathe,
Abisalomu akuikupiza ndi chipewa.
Zathu zinangopukusa makutu,
nkhupakupa zili mbwee m'khwapa,
n'kutsetsereka kudambo kukabudula ziputu zopserera.

Chomwe chimandisowetsa tulo si matenda.
Ndi mathole a masiku ano:
msana uli see ngati benchi la kutchalitchi,
linunda likutha mbadwo ndi mbadwo
ngati sopo wa pachitsime.
Goli lidzatsamira pati?

Nkhunzi yeniyeni inatsala imodzi, Kamtambo,
yotuwa, yaukali, ya m'khola la Yotamu.
Ndiye mwana wa Yotamu anasankhidwa kusukulu ya unamwino.
Wabutchala anafika pa njinga yamoto,
anaizungulira kawiri, osayang'ana nyanga,
maso ali pa ntchafu,
natchula mtengo.

Tinasonkha.
Lutiya anagulitsa matumba atatu a soya.
Mfumuyeza anabwera ndi nkhumba pa kaliyala.
Ine ndinachotsa za malata a kukhitchini,
mkazi wanga mpaka lero sanaiwale.
Titawerenga pa mphasa, kawiri, kachitatu ndi malovu,
zinakwana theka.

Yotamu anakhala chete nthawi yaitali,
akutokosa dothi ndi kamtengo.
Sitinamuuze za makolo ake.
Mwana wake anali pomwepo, akutsuka ndowa,
ndipo fizi siidziwa mtundu wa ng'ombe.

Anati, gulani theka lomwelo.
Lutiya anafunsa, theka liti?
Yotamu anati, inu mukufuna lakumbuyo,
ine ndisunge lomwe limadya.
Tinaseka mpaka Kamtambo anafwenthera m'khola.
Zotsalazo anakakongola kubanki ya m'mudzi,
chiwongoladzanja chake sitinachifunse.
Tinachita manyazi.

Tsopano Kamtambo amayenda ngati wodzagona ku ukwati,
sabata ziwiri kuno, sabata ziwiri uko,
mnyamata patsogolo ndi chingwe,
ine pambuyo ndi buku m'jumbo.
Wathyola kale zipata zinayi.
Izonso ndinalemba.

Dzulo m'mamawa Lutiya anandigogodera,
nsalu ili m'khosi, mapazi ali ndi ndowe.
Nyangaimodzi yaswa.
Ndinapeza kathole kali chinyowere,
miyendo inayi ikukangana za kolowera,
make akukanyambita mobweza ubweya.
Ndinagwada, ndinayendetsa chikhatho pamsana,
kuchokera kumchira, pang'onopang'ono,
mpaka pamwamba pa mapewa.

Pamenepo.
Kakang'ono ngati mbatata yoiwalidwa mumzere,
koma kalipo.

Bolopeni inakana kulemba, kunali chisanu cha Juni.
Ndinaifikisa m'manja, ndinaiuzira mpweya,
ndinakanda pachikuto mpaka inki inabwera.
Tsamba la makumi awiri ndi chitatu.
Bambo: Kamtambo, theka lathu.
Dzina Lutiya akuti aganize kaye.
Mzerewo ndausiya.